Tsiku Limene Ndinamasula Makina a Apongozi

Mukadzafika kwathu kuno kufupi ndi Nkando n'kuona kamota ka magetsi katsopano katatchinjiriza chitseko cha kukhitchini, chonde musafunse mayi akunyumba. Funso limenelo amaliyankha mokondwa kwambiri, ndipo amathirako mchere. Bola ndikuuzeni ndekha.

Apongozi anga aamuna, a Namakhwa, anagwira ntchito yokonza makina kufakitale ya tiyi mpaka kupuma. Chuma chawo chinali chimodzi: makina aang'ono osemera zitsulo, aja umamangapo chitsulo n'kumazungulira, iwe n'kumapukusa timagudumu tiwiri kuti mpeni uzidya pang'onopang'ono. Maso atayamba kuwavuta anawapereka kwa ine mkamwini wawo, mphunzitsi wa masamu amene manja amamuyabwa Loweruka lililonse.

"Aphunzitsi," anatero, "makinawa alera ana asanu ndi mmodzi, kuphatikizapo amene mwakwatirayu. Muziwathira mafuta. Koma tsiku limene mudzamasule bawuti yosadwala, ndidzabwera ndi ngolo."

Ndinavomera chipewa chili m'manja. Ndinawakonda makinawo, ndisaname, ndipo ndinkanyada kuti pa akamwini atatu anasankha ine.

Chinandipweteketsa ndi foni. Ndinaona vidiyo ya munthu wina atachotsa timagudumu tija n'kuikapo timota tiwiri, kompyuta n'kumalamula mpeni, iye akumwa tiyi. Akuti zimenezo ndi CNC. Miyezi itatu ndinakhala ndikujambula mapulani m'kope, zonse mwadongosolo, tsamba ndi tsamba. Kusukulu ndinalengezeratu kuti posachedwa zitsulo zizidzisema zokha kwathu. (Mumtima ndinkati tsobola wakale sawawa. Mulungu andikhululukire.)

Timota timene ndinaitanitsa titafika pa minibasi kuchokera ku Blantyre, mwayi unabwera wokha: apongozi anawoloka malire kukaona abale awo ku Mozambique, akuti milungu iwiri. Ndinati akamabwera adzapeze zodabwitsa, za ngolo adzaiwala.

Loweruka m'mawa ndinagwira sipanala. Ndinachotsa timagudumu. Kenako ndinaona kuti sindingayeze bwino chitsulo chachitali chamazinga chimene chimayendetsa mpeni chili mkati, ndiye ndinachisolola. Kuti chituluke panafunika kumasula chonyamulira mpeni. Pansi pakepo panali litsiro, ndiye ndinati nditsukiretu. Pofika masana makina onse anali atagona pamkeka ngati mbuzi yosendedwa, mabawuti ali m'lichero la mayi akunyumba.

Anabwera kudzafuna lichero lawolo. Anaima, n'kuwerama kuwerenga m'kope langa lomwe linali chitsegulire.

"Bambo a Tadala, apa mwalemba kuti musema zolumikizira ziwiri. N'chiyani chimenecho?"

Ndinawafotokozera ngati ndili m'kalasi, kuti ndi tizitsulo tobowola pakati tomwe timagwirizanitsa mota ndi chitsulo chamazinga chija, ndipo kuti sitigulidwa, munthu amasema yekha molingana ndi makina ake.

"Oho. Ndiye musemera pa chiyani?"

Abale, ndinayang'ana pamkeka. Ndinayang'ana m'kope. Miyezi itatu ya masamu, koma ndinali nditaika kumasula patsamba lachiwiri, kusema patsamba lachisanu ndi chiwiri. Paja amati ndidziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

Ndinati palibe vuto, ndibwezeretsa, ndiseme, ndimasulenso. Ndinabwezeretsa. Panatsala mabawuti atatu ndi kachitsulo kopyapyala komwe sindinakaonepo chibadwire, ndipo gudumu linakana kuzungulira. Lamulungu titaweruka kutchalitchi ndinamasulanso. Lolemba, mutu utaima, ndinayesa kumanga mota kuchitsulo chija ndi mphira wa tchubu cha njinga. (Izi musakauze ana anga a sukulu.)

Ndili mkati momanga mphirawo ndinamva "Odi." Apongozi, kathumba ka nyemba za kalongonda kali m'manja. Milungu iwiri ija inatha m'masiku anayi.

Ndinafuna nthaka ing'ambike. Iwo sanakalipe. Anapempha mpando, n'kuitanitsa lichero. Maso ovuta aja sanawagwiritse ntchito n'komwe: bawuti iliyonse ankangoipapasa ndi zala n'kudziwa kwawo. Kachitsulo kopyapyala kaja anakalowetsa m'mbali mwa chonyamulira mpeni ngati akuika ndalama m'thumba. Dzuwa lisanapendeke makina anali akulira bwinobwino.

"Tandionetsani chimene mumafunacho," anatero.

Ndinawapatsa kope. Anati ndiwawerengere miyeso. Anamanga chitsulo, n'kupukusa timagudumu tawo, ndipo posakhalitsa zolumikizira ziwiri zinali m'manja mwanga, zosalala, zolowa pamota ndendende. Mtima unakhala pansi. Ndinati mdala wandikhululukira, mwinanso wagoma ndi nzeru zanga.

"Zili bwino, aphunzitsi?"

"Zili bwino kwambiri, bambo."

"Chabwino. Zolumikizira ndi zanu. Makina oti mulumikizepo mupeze anu."

M'mawa mwake ngolo inafika. Ndinathandiza nawo kukweza, anthu a pamudzi akuonerera, ndipo zinandiwawa kuposa momwe ndingalembere pano. Makinawo tsopano ali kwa mkamwini wachiwiri, munthu woti sipanala ndi supuni sasiyanitsa.

Mota imodzi ndi ija ili pachitseko. Inzake ndinaisunga, chifukwa ndaona kuti makina osokera a mayi akunyumba nawonso ali ndi gudumu lopukusa. Sindinawauze kanthu, ndinangoliyeza ndi rula tsiku lina. Kuyambira tsiku limenelo amawakiyira kuchipinda, kiyi n'kumangirira pansonga ya chitenje.