Wotchi ya Alamu Anga

Lolemba, 6 Meyi 1957
Alamu anga, amene angobwera kuchokera ku Joni, andibwereka wotchi yawo ya pamkono kwa sabata imodzi. Mulungu awadalitse! Abusa akubwera kudzabatiza ana Lamulungu, ndipo akulu a mpingo asankha ine kuti ndikamenye chitsulo choitanira anthu 9 koloko yeniyeni. Za wotchiyi alamu akuti:
m'mbali mwake ndi golide,
silowa madzi,
imawala mumdima,
imayenda yokha.
Ndaikulunga m'nsalu, ndaitsekera m'chitini. Manja a fodya asaikhudze.

Lachiwiri, 7 Meyi
Ikuyenda. Ndikutsegula chitini, kumvetsera, kutseka. Akazi anga: "Kodi mukuiweta?"

Lachitatu, 8 Meyi
Yaima pa 4:10! Chakudya sichikulowa.

Lachinayi, 9 Meyi
Ndaulula kwa alamu. Akuseka mpaka misozi. "Imeneyo imafuna mkono wogwedezeka, alamu. Mukaigoneka imagonadi." Sanakalipe, munthu wabwino. Ndili kuseri kwa chigafa, ndikuzunguza mkono. A Nabanda, oyandikana nafe nyumba, akudutsa ndi nkhuni: "Ndi njuchi, eti?" Phewa likuwawa.

Lachisanu, 10 Meyi
Akazi anga aivala popita kumtondo. Chimanga chakonoleka, wotchi ikuthamanga. Zikomo mayi! Koma yayambira pomwe inaimira paja. Ndafunsa alamu nthawi. "Wotchi ili ndi inu, ine ndidziwa bwanji?"

Loweruka, 11 Meyi
Ndayenda mpaka kumsewu ku Namitete. Onse akuti basi ya ku Fort Manning imadutsa 2 koloko. Ndadikira. Itangodutsa, ndaika pa 2. Mtima pansi.

Lamulungu, 12 Meyi
Dzuwa lakwera, wotchi ikuti 7. Anthu akudutsa atavala zoyera. Ndikuwamvera chisoni, sadziwa nthawi. Nyimbo zikumveka kutchalitchi, ndikuti mwina akuyeserera. 9 koloko ndamenya chitsulo ndi mphamvu zonse, pomwe abusa ali ndi madzi m'dzanja. Makanda onse alira.

Potuluka ndafotokoza kuti nthawi ndinaitengera pa basi. Abusa andigwira dzanja. "Basi ya dzulo ija ndinali momwemo, bambo. Tinakhala pa Mpingu maola awiri, tayala litaphulika."

Akulu abweza chitsulo kwa a Gelesomu, ochimenya akale, amene amangoyang'ana dzuwa. Andiuza mofatsa, pambali, osati pamaso pa anthu. Pa chimenechi ndikuthokoza. Ana abatizidwa onse.