Maliro a m'khosi mwa Lufeyo

Amayi anzanga, tasiyani kaye kuchapako mumve zimene ndinalota usiku wathawu, nditapinda khosi pampando wa m'wodi. Paja mwamuna wanga Lufeyo watha sabata zitatu osameza cholimba chifukwa cha khansa ya mwanabele ija. Adokotala anandiuza kuti maselo a m'thupi akakalamba amayenera kufa, koma ake akukana. Ati pali puloteni ina imene ikuwatchinjiriza, ndipo ikachuluka matenda amalusa. Ine ndinangoti eya, ngati ndamva.

Ndiye ndalota ndalowa m'chotupa cha pakhosi pakecho. Ndapezamo manda, adzukulu akumba maenje mbwee, koma maliro osabwera. Khasu la mdzukulu wina landiyang'ana n'kuyankhula.

"Mayi, dzenje siligona lopanda kanthu. Takhala tikukwirira mathunthu a nthochi, nthochinso zatha. Dzuwa likalowa tiikamo mwini khosiyu."

Ndiye ndamanga chitenje, liwiro la kuchipata cha mandawo. Pamenepo paima bwana wa jekete, chidindo m'manja. Kumbuyo kwake maselo okalamba ali piringupiringu, ndodo m'manja koma akuswanabe.

"Ndine a Puloteni," watero bwanayo. "Muno safa aliyense popanda kalata."

"Nanga kalatayo amalemba ndani, bwana?"

"Ine ndemwe. Koma cholembera ndadya."

Mwadzidzidzi jekete lang'ambika, bwana uja wasanduka tonde, akutafuna chidindo chomwe. Ndagwada, ndapepesa, ndamutchula achimwene, iye kumangondinunkhitsa. Dzuwa nalo likupendeka.

Ndiye ndikuona botolo la dilipi la Lufeyo likubwera, likutsimphina pachitsulo chake chopachikapo chija.

"Pepani mlamu, ndachedwa. Ine ndimayenda dontho limodzilimodzi."

Lamudonthezera tonde pamphuno. Tonde kuyetsemula kamodzi, mchira m'mwamba, uyo! Chipata chatseguka, maselo aja akulowa okha m'maenje, wina akundigwira dzanja amvekere, "Zikomo mwanawe, tinatopa kalekale." Ine, munthu wotsogolera nyimbo za maliro kwathu, nthungululu pamanda! Adzukulu kundiyang'ana, koma manyazi ndinalibe.

Mwadzidzidzi ndamva chinthu chikukukuta pafupi ndi khutu langa. Ndati basi tonde uja wabwerera.

Kutsegula maso, kunja kwayera. Ndi Lufeyo, wakhala tsonga pabedi, wamasula kampango kanga ka chimanga chokazinga, akukukuta n'kumameza. Ndinalira, amayi, sindibisa.

Iye osasiya n'kutafuna komwe. "Ukulira chiyani, mayi a Tadala? Chimangachi chilipo china?"