Ndege Yanga ndi Ng'ombe ya Alamu

Lolemba

Ndayamba! Mabokosi atatu aja ndawatsegula lero, atakhala m'shedi miyezi isanu ndi umodzi. Ndi ndege yeniyeni, yokwera anthu awiri, yobwera m'zidutswa kuti munthu alumikize yekha pakhomo. Bwana wamkulu wa ku esiteti ya tiyi anandisiyira pobwerera kwawo. Anzanga popuma ntchito analandira mawotchi, ine ndege. Mayi a Joyisi akuti bwanayo anandipatsa chifukwa sinakwane m'dzala. Nsanje basi.

Zomwe zilimo:
thupi la ndege, mbali ziwiri zosalumikiza
mapiko, koma ndi thovu louma loyera, longa lija amatchingira wailesi m'katoni
nsalu ya faiba, mpukutu umodzi
guluu, chitini chachikulu
mankhwala oumitsira guluuyo, chitini chaching'ono
buku la Chingerezi, lonenepa kuposa Baibulo
makoswe, banja limodzi

Chomwe mulibe: injini. Imeneyo ndi nkhani ya m'tsogolo.

Vuto ndi alamu anga a Makwinja, eni mbumba. Ng'ombe yawo ya mkaka ikufika Lamulungu kuchokera ku Bvumbwe, ndipo akufuna shedi isanduke khola. Shediyi ndinamanga ndine, malata ndinagula ndine, koma dothi ndi la kuchikazi. Zaka makumi atatu ndi zisanu pamudzi pano, imvi mbuu, ndikadali mkamwini. Nyumba ndi ya mayi a Joyisi, munda ndi wa mayi a Joyisi, ana ndi a kwa mayi a Joyisi. Shedi yokhayi ndi momwe ndimatseka chitseko osapempha munthu.

Tagwirizana motere: Lamulungu akaweruka kutchalitchi adzaona phiko limodzi. Likakhala lolimba moti munthu n'kukhalapo, shedi ndi yanga, ng'ombe akaimangire kwina. Likapanda kutero, ndituluke. Ndavomera ndikuseka. Munthu amene wagwira sikelo ya masamba a tiyi moyo wake wonse aope phiko limodzi?

Dongosolo: mawa kumata. Lachitatu kuuma. Lachinayi kupala. Lachisanu penti. Loweruka kupuma.

Lachiwiri

Buku likunena kuti nsalu ya faiba uyale pa thovu lija, kenako uinyowetse ndi guluu wosakaniza ndi mankhwala. Zikauma zimalimba ngati chitsulo. Zophweka!

Nsalu ya faiba ndi chitedze cha azungu. Ndikukanda mikono, khosi, ndi malo ena osalembeka. Mayi a Joyisi akuti ndisayandikire zofunda zawo.

Pa tsamba lina alemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti guluu ndi mankhwala ziyezedwe pa sikelo, osaonjezera, osapungula. Apa ndiye afika kwathu. Ndatulutsa sikelo yanga yopachika, ija inanditsatira kuchokera ku esiteti. Ndaipachika pa mtanda wa denga. Mtima myaa, ngati ndabwerera pa ntchito.

Guluu ndayeza m'mawa kukadali dzuwa. Ndendende monga mwa buku.

Pofika pa mankhwala, chiperoni chagwa. Nkhungu tolo, tiyi wa kutsidya osaoneka, mvula yowaza yosaleka. Ndathira mankhwala m'kachidebe, muvi wa sikelo wafika pomwe buku lanena. Munthu wamba akanalekera pomwepo. Koma mzungu wolemba bukuli saidziwa Thyolo. Tsiku la mvula kilo si kilo! Aliyense wa ku esiteti amadziwa: kukanyowa, kalaliki amadula madzi, chifukwa gawo lina la kulemerako ndi mvula chabe. Dengu likaonetsa khumi, umalemba zisanu ndi zinayi, kapena zisanu ndi zitatu ngati wothyolayo ndi wamwano. Choncho ndadula madzi pa mankhwala, n'kuthiramo ena kuti akwane. Ndaonjezeranso pang'ono, chifukwa mankhwala oumitsa akachuluka zinthu ziyenera kuuma msanga. Nzeru zimenezi m'buku mulibe.

Ndamata phiko lonse. Likunyezimira bwino kwabasi! Alamu asuzumira pakhomo, ayeza m'lifupi mwa shedi ndi mapazi, apita.

Lachitatu

Tsiku louma. Silinaume.

Ndakhudza ndi chala, chala chatsala pomwepo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Nditseke chitseko, ndibwere masana.

Masana chimodzimodzi. Chiperoni chikadalipo.

Zomwe zamatirira pa phiko pofika madzulo:
ntchentche, zosawerengeka
agulugufe anayi
tsamba la buku, lija la zilembo zikuluzikulu
chipewa changa
nkhuku ya mayi a Joyisi, yamawangamawanga

Nkhuku ndaichotsa, nthenga za pamimba zatsala. Yatuluka ikuyenda ngati yavulidwa pamsika. Mayi a Joyisi aiyang'ana, andiyang'ana ine. "Chokhacho chomwe chinkauluka pakhomo pano mwachithothola," atero, n'kubwerera kukhitchini.

Sindinayankhe. Anthu opanga zinthu zazikulu samayankha.

Lachinayi

Kwabwera a Bonongwe, mnzanga amene ankaumitsa tiyi ku fakitale. Anunkhiza phiko, alikhudza, apukuta chala pa malaya anga. Akuti vuto ndi kuzizira basi. Akuti palibe chinthu pansi pano chomwe chinawakanapo kuuma, tiyi amalowa ali chinyezi noninoni n'kutuluka akuthetheka. Chofunika ndi moto pansi, mphepo pamwamba.

Zomveka! Buku nalonso likunena za kutentha, kungoti tsamba lonena kuchuluka kwake ndi lomwe lamatirira chadodolido pa phiko.

Tabwereka mbaula zinayi. Taziika pansi pa phiko, tatseka mawindo ndi matumba a feteleza. A Bonongwe akukupiza ndi chivindikiro cha ndowa, nkhope ili ngati ya dokotala. Akuti iwo safuna choyezera kutentha, amayeza ndi tsaya.

Fungo lake! Maso kuwawa, mutu waa. Makoswe asamuka okha, mayi patsogolo ana pambuyo.

Tatuluka kukapuma mpweya. Tamwa tiyi. Takambirana za mabwana akale, ndi momwe achinyamata a masiku ano sadziwira ntchito.

Pobwerera, phiko lawerama. Thovu la m'kati lafewa, nsonga yagwera pansi, pakati patukuka. Lapindika ndendende ngati nthochi ya makumbuka. Ndipo likadali nyatanyata!

A Bonongwe akuti tiyi sanawachitepo zimenezi. Akumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi msonkhano wa kutchalitchi. Mbaula zinayi ndabweza ndekha.

Kupala kwalephereka. Penti tiiwale.

Lachisanu

Mbiri yawanda. Amayi othyola tiyi pobwera kumunda apatukira kuno, madengu ali kumsana, mapulasitiki m'chiuno. Adzaza pakhomo pa shedi ngati pali maliro. Wina akufunsa ngati ndegeyi izidzaima pa Thyolo Boma kapena izidzapitirira ku Limbe. Wina akuti ndimusungire mpando wa pawindo. Wina akuti kwawo ulimbo wotere amatchera mbalame.

Ndawafotokozera mwaulemu, monga munthu wophunzira. Nsalu, guluu, mankhwala, sikelo. Ndafotokozanso za kudula madzi, kuti aone kuti palibe chomwe ndinasiya.



Kenako mayi Muhiwa, amene ndinawayezera masamba zaka zambirimbiri, atula dengu pansi. Afunsa kuti mankhwalawo anali kuti pomwe mvula imagwa. Ndati m'chitini. Chotseka? Chotseka. M'shedi? M'shedi. Ya malata? Ya malata.

"Ndiye ananyowa bwanji, a kalaliki?"

 

"Musadabwe, amayi," atero mayi Muhiwa potembenukira anzawo. "Awa ankatidula madzi dzuwa likuswa mtengo, akangoona kamtambo pa Mulanje. Lero adzidula okha."

Kuseka kwake! Mpaka nthungululu. Wina wagwira chitseko kuti asagwe. Apita akuyankhula Chilomwe mothamanga, dala, kuti ndizingomva dzina langa lokha.

Zandiwawa. Ndilembe zoona, bukuli ndi langa ndekha: zandiwawa chifukwa sananame. Ndinkadula. Masiku ena masamba amakhaladi onyowa, masiku ena ayi. Mabwana ankakondwera nane. Sindinaganizepo kuti ndi chinthu choti munthu n'kusunga mumtima mpaka lero.

Mayi a Joyisi anali pakhonde nthawi yonseyi akusankha nyemba. Sanaseke. Sananditetezenso.

Loweruka

Tsiku lopuma, malinga ndi dongosolo.

Ndadula kachidutswa ka phiko, ndakakulunga m'pepala, ndakwera minibasi ya ku Bvumbwe. Kumeneko kuli mmisiri wina amene amamata mabampala a galimoto ndi faiba. M'minibasi pepala lamatirira ku thalauzi, thalauzi ku mpando. Potsika kondakitala wachita kundizula.

Mmisiri wakatenga kachidutswa, wakakoka, kakutamuka ngati chingamu. Wafunsa kuti ndinasakaniza bwanji. Ndamuuza, koma za madzi ndazitchula motsitsa mawu. 

Akuti guluu wa mtundu uwu si simenti. Mankhwala akachuluka sauma msanga, sauma n'komwe. Ngakhale nditadikira mpaka Khirisimasi. Ngakhale dzuwa la ku Nsanje. Ndafunsa ngati pali mankhwala ena ochotsera mankhwalawo. Akuti alipo, dzina lake khasu: ndikumbe dzenje ndikwirire.

Safunsa anadya phula. Ine ndafunsa, koma nditadya kale.

Ali pomwepo wandifunsa kuti injini ndili nayo yotani. Ndati nkhani imeneyo ikadali m'manja mwa Mulungu. Wafunsanso kuti ndikadzamaliza ndidzaulukira pati, popeza kwathu n'kotsetsereka konsekonse ndipo paliponse pali tiyi wa eni ake. Mafunso achibwana. 

Njira zomwe ndaganiza pobwerera:
kumata phiko lachiwiri lero lomwe (guluu watsala pansi pa chitini, sangakwane ndi mchira womwe)
kulowetsa thabwa m'kati mwa phiko (ndayesa, thabwa lamatirira panja)
kuwaza ufa pamwamba kuti lioneke louma (ndawaza, tsopano ndi nthochi yopaka ufa)
kudwala mawa

Ndapeza alamu atatsitsa kale mitengo ya khola kuseri kwa shedi. Akuti angoisungitsa.

Lamulungu

Ulaliki sindinaumve. Ndimangoganiza za chitseko changa.

Alamu afika atavala suti yawo ya buluu, mayi a Joyisi pambuyo, abale ena pambuyo pawo. Ayang'ana phiko. Afunsa ngati mapiko a ndege amakhala opindika chonchi. Ndati za makono zimatero.

Ndinkayembekeza kuti angokhudza ndi chala. Ayi, akuti pangano ndi pangano, tinati munthu akhalepo. Akhalapo. Phiko lalira pang'ono, lawatsitsa pansi mwaulemu, osawasiya. Tawadzutsa anthu atatu. Mbali ina ya suti yatsala pa ndege.

Sanakalipe, ndipo chimenecho ndiye chopweteka. Angoti, "Alamu, mwayesetsa. Kiyi."

Ndapereka.

Ng'ombe yafika masana pa kagalimoto. Yakuda ndi yoyera, yayikulu, yonyada. Yalowa m'shedi mwanga osayang'ana kumbali. Chitseko achizula, akuti ng'ombe imafuna mpweya. Mabokosi ali pansi pa mtengo wa mapeyala, ndawafunditsa pulasitiki. Thupi la ndege mayi a Joyisi aliyeza kale ndi maso, akuti mbali imodzi ikhoza kusunga madzi a mvula. Phiko tikwirira mawa.

Ndafunsa kuti nanga ine ndizikhala kuti masana. Alamu akuti ndisade nkhawa, munthu wopuma ntchito sayenera kukhala chabe, ng'ombe imadya katatu pa tsiku. Andipatsa chikwakwa.

Chiperoni chabweranso. Ndatsikira kudambo, ndamweta nsenjere mtolo waukulu, ndakwera nawo chitunda msana ukulira. Ndatula pakhomo pa khola.

Alamu aunyamula, augwedeza, madontho agwa pa nsapato zawo. Akuti wanyowa, theka ndi madzi, ndikamwete wina.

Ndapita.