Nthutumba ya Amalume a Kaphwiti

Nkhani iyi anandiuza ndi mtsikana wina dzina lake Ndaziona, pa Zalewa, tsiku limene basi yathu inaphulika tayala ife n'kukhala pansi pa mtengo mpaka dzuwa kupendeka. Ine ndinkapita ku Mwanza popanda chifukwa chenicheni, miyendo ikangoyabwa ndimanyamuka. Iye anali atangobwera kumene kuchokera ku Poland, kumene ankaphunzira za mankhwala pa yunivesite. Tinagawana chinangwa chootcha, ndipo pakamwa pakatafuna sipachedwa kuyamba nkhani.

Anati kutatsala sabata imodzi kuti alandire digiri, amayi ake ndi amalume ake, a Kaphwiti a ku Neno, ankakonzeka kukwera ndege kuti akaonerere mwambowo. Amalumewo ndiwo ankayenera kudzakhala ankhoswe pa ukwati wake, koma anali asanavomere. Ankati ayambe akaona okha ngati mwana wa mlongo wawo akadali ndi mwambo kapena anasukuluka. Muyeso wawo unali umodzi: mlendo wolemekezeka amamuphera nkhuku, ndipo nthutumba imakhala pamwamba m'mbale mwake. Ikasowa, a Kaphwiti ankangovala chipewa n'kumapita, osatsanzika. Tsono nkhuku za m'masitolo a kumeneko, anatero Ndaziona, zimabwera zopanda mutu, zopanda zipalapasiro, m'mimba muli pululu.

Nkhawa imeneyi ndiyo inamubalira maloto. Ndiwalemba monga anawafotokozera anzake a kuhositelo kutacha.

Anzanga, usiku wathawu ndalota zinthu, ndipo woseka ndimutulutsa panja. Ndinali m'chipinda changa chomwechi, ndiye ndikumva "Odi! Odi kuno!" koma mawu akuchokera m'kabati ya zovala. Kutsegula, ndi amalume, ali pa njinga, avala jekete la kutchalitchi, amayi ali pa kaliyala atasenza mtolo wa nzimbe. Anatuluka n'kuimika njingayo pa bedi.

Ndinagwada. "Mwayenda bwanji, amalume?"

"Tayenda bwino. Ulaya ndi pafupi, mumangotinamiza. Tadzera pa Lisungwi, kukhotera kumanzere, basi tafika."

Anakhala pa mpando, chipewa n'kuika pa bondo. Amayi anandikodola n'kunong'ona: "Iwe, nkhuku ija. Ukuchiona chipewacho? Chikangofika kumutu, ukwati wako ukaimiridwa ndi mtengo wa papaya."

Ndiye ndinathamangira ku firiji. Firiji inatsokomola n'kuti, "Achemwali, musanditsegule, ndili ndi chimfine." Ndinatsegulabe. Nkhuku ili m'pulasitiki mwake, yakhala mwendo pa unzake ngati abwana.

"Pepani mayi nkhuku, nthutumba yanu ili kuti?"

Inayankhula ndi khosi, poti mutu inalibe. "Kuno sitiyenda nazo zimenezo, mwana wanga. Timasiya ku ofesi. Kafunse kwa oona za ophunzira akunja."

Mwadzidzidzi ndili m'chikepe. Chikepecho m'malo mokwera chikuthamanga cham'mbali, chikuitanira chokha: "Limbe! Limbe! Wotsala mmodzi! Sunthani kumbuyoko, anayi anayi!" Chinanditaya pa khomo la ofesi.

Mkatimo munali bambo wa taye yofiira. Atangoti "Khalani pansi," taye inasanduka yobiriwira, nkhope nayo yobiriwira, mchira n'kupiringizika pa mwendo wa mpando. Bilimankhwe weniweni. Diso lina likundiyang'ana ine, lina likuyang'ana ku Neno.

"Nthutumba mukufunayi ndi ya maphunziro kapena yongocheza?"

"Ndi ya amalume, bwana."

"Amalume anuwo ali ndi chilolezo chotafunira m'dziko muno?"

"Angobwera lero, bwana, adzera m'kabati."

"Ahaa. Odzera m'kabati ali ndi fomu yawoyawo."

Ndiye anayamba kutambasula dzanja kuti atenge chidindo. Dzanja likupita, likubwerera pang'ono, likupitanso. Panja sinowo anagwa, anasungunuka, mitengo inaphuka masamba, dzanja lili panjira. Ndinasuzumira pa windo, ndipo kutsidya kwa msewu ndikuona m'chipinda changa: chipewa chachoka pa bondo, chafika pa mchombo, amayi akuchikokera pansi ndi manja awiri.

Chidindo chinaphulika ndi mkwiyo. "Aaa, ine ndatopa! Zaka khumi ndi ziwiri ndili ndi mkuluyu, sanandigwirepo n'kamodzi komwe!" Chinalumpha chokha n'kudzimenya pa fomu, phwa! Kenako chinatsitsa mawu: "Mverani asisi. Dziko lonse lino lili ndi nthutumba imodzi yokha, ndipo ili ku laibulale. Thamangani."

Mwadzidzidzi ndili panja, koma msewu wa tauni wasanduka wa kwathu nthawi ya dzinja, matope mpaka m'mawondo. Sitima ija yoyenda mumsewu yatitimira, mapulofesa avula nsapato akukankha, wina akukuwa, "Ikani miyala! Ikani miyala kumbuyoko!" Ndinawadutsa ndikupepesa mmodzimmodzi.

Ndiye ku laibulale ndinapeza mayi uja wa magalasi amene amatiletsa phokoso. Atandiona anadzitukumula, minga n'kutuluka msana wonse, wasanduka nungu, koma minga yake ndi mabolopeni okhaokha. Ananditengera pa shelefu ya pakona. Pakati pa mabuku awiri akuluakulu panali nthutumba yaikulu ngati dzungu, ikuwerenga.

"Musandisokoneze," inatero. "Ndili ndi mayeso Lachinayi."

"Chonde, ndi nkhani ya ukwati."

"Mwamunayo ndi wooneka bwino?"

"Ndithu ndithu."

Inatseka buku. "Tiyeni."

Nungu anazula bolopeni imodzi kumsana n'kulemba. "Masabata awiri okha. Ibwere momwe yapitira. Osaipinda, osalembamo."

Mwadzidzidzi ndafika m'chipinda. Chipewa chadutsa pa mphuno, chikukhudza tsitsi, amayi alendewera pa mkono wa amalume miyendo ili m'malere. Nthutumba inadumphira m'mbale, yapsa kale, mafuta ali noninoni, n'kuwayang'ana amalume kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Ofuna kundidya ndi bambo awa? Muli ndi mano angati, achikulire?"

"Anayi," anatero amalume, "koma ndi ogwirizana."

Chipewa chinabwerera pa bondo. Anasamba m'manja, anapemphera mwachidule, ndiye anaidya yonse, osasiyako ndi kachidutswa komwe. Atageya anati, "Mlongo wanga, mwanayu sanasukuluke. Unkhoswe ndavomera. Auze akuchimunawo abwere." Amayi analulutira mpaka babu linathima n'kuyakanso.

Ndisanamalize kuvina, chitseko gubudu! Nungu uja.

"Masabata awiri akwana. Katundu wa laibulale ali kuti?"

Tonse tinayang'ana mimba ya amalume. M'mimbamo munamveka kamawu: "Ndili muno, mayi! Muli mdima, sindikutha kuwerenga!"

"Palibe vuto," anatero nungu. "Titenga ndi chikuto chomwe." Anawadinda amalume pa chipumi, anawamata nambala kumsana, ndiye mwadzidzidzi tonse tili ku laibulale, amalume awakhazika pa shelefu yapamwamba, jekete lili bwinobwino.

"Amalume, tsikani!"

"Nditsikirenji? Kuno n'kofunda, ndipo palibe wobwera kudzandibwereka khasu."

Ndinagwadira nungu. "Mayi, ndiloleni ndidzawabwereke tsiku limodzi lokha, la chinkhoswe."

Anatsegula buku lake. "Pali mzere. Mtsikana wina wa ku China anawasungitsa kale. Akabweza, pulofesa wa mbiri yakale akufuna kuwawerenga mpaka chaka chamawa."

Ndiye ndinagwira mwendo wa amalume n'kuyamba kukoka. Mwendo ukungotamuka ngati legeni, ine ndikubwerera m'mbuyo, ndatuluka pa khomo, ndawoloka msewu, mwendo ukubwerabe, amalume ali phee pa shelefu akusenda nzimbe. Nungu akundithamangitsa akuimba wezulo, pii, pii, pii! Kutsegula maso, ndi galimoto yotola zinyalala ikubwerera m'mbuyo pansi pa windo langa, ine ndikukoka waya wa tchaja ndi manja awiri.

Maloto anathera pamenepo. Ine ndinamufunsa kuti, "Nanga amalume enieniwo atafika zinatha bwanji?"

Ndaziona anaseka mpaka kutsamwa ndi chinangwa. Anati tsiku lomwe anadzuka ku malotowo anazungulira tauni yonse, mpaka anapeza kasitolo ka mayi wina wa ku Ghana. Nkhuku yamoyo kunalibe, koma kunali thumba la nthutumba zokhazokha, zokwana makumi anayi. Alendo atafika, posadziwa chochita, anaphika zonse, n'kuziunjika m'mbale ya amalume ngati chulu.

A Kaphwiti akuti anayang'ana mbaleyo nthawi yaitali. Kenako anafunsa, "Nkhuku zake zili kuti?" Amayi a Ndaziona ndiwo analowererapo: "Achimwene, mukufunsa chiyani? Idyani." Mkuluyo anapukusa mutu, misozi ili lengelenge. "Nkhuku makumi anayi, chifukwa cha ine ndekha? Ngakhale tsiku la ukwati wanga sizinachitike zimenezi." Unkhoswe anavomera asanatafune n'komwe, ndipo akuti mpaka lero aliyense wowapeza pa msika amamva za nkhuku makumi anayi za ku Ulaya.

Tayala litakonzeka tinakwera, iye anatsikira pa mphambano ya ku Neno, ndipo sindinamuonenso.

Za firiji yachimfine ndi nungu wa mabolopeni ndilibe nazo mlandu, maloto amayenda mmene afunira. Chimene ndikukayika ine ndi cha masanacho. Munthu wamkulu amene waweta nkhuku moyo wake wonse, walowa m'kachipinda kopanda nthenga ngakhale imodzi, kopanda poti n'kuimika khola, angakhulupirire zoti mwaphedwa nkhuku makumi anayi? Ine sindikhulupirira. Ndikuona ngati a Kaphwiti anadziwa bwinobwino kuti ndi za m'thumba, koma anali atavomera kale ali mu ndege, amangosowa poti ayambire kunena.