Maenje a Mayi Marjory Azama Mopyola

Kwa Wolemekezeka Mkulu wa Bungwe la Khutani Nonse,

Bambo, ndagwada. Ine ndine Gideoni, kuno amati Sekuru, ndiye kuti agogo, wa kukomboni ya kufupi ndi migodi ya Kitsiyatota. Pensulo sindiidziwa, akundilembera ndi Mayi Martha a kumpingo, ndipo akuti ndisachulutse. Ndiyesa.

Choyamba, zikomo potiphunzitsa kukumba. Ine ndakumbira azungu fodya papulazi zaka makumi anayi, bambo anga anachoka ku Dedza kudzakumba mgodi, koma sitinkadziwa kuti dzenje limafuna chingwe ndi zikhomo. Alangizi anu anati wokumba timaenje toyezayeza ndiye alandire mbewu ndi feteleza. Mayi Marjory, amasiye olera zidzukulu zinayi, anakumba mwezi wathunthu nthaka ili gwa, msana ukulira ngati chitseko.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha galimoto yoyera ija. Inaima pamunda pawo masana dzuwa lili pamutu, anthu onse akuona. M'menemo munatsika abambo a zipewa, kuyeza uku, kujambula uko, n'kutapa dothi m'timatumba, n'kumapita. Akuti kukaona ngati nthaka ili ndi chonde. Bambo, kuno ndi ku Bindura! Kuno munthu wa chipewa akanyamula dothi m'thumba, palibe amaganiza za chimanga. Ngakhale nkhuku ikapalasa kawiri malo amodzi, makorokoza, anyamata athu ofuna golide aja, amaitsata ndi fosholo.

Chachitatu, zikomo chifukwa cha antchito aulere. M'mawa mwake makorokoza anafika makumi asanu. Mayi Marjory anakuwa m'Chichewa, anakuwa m'Chishona, mpaka Chilapalapa cha kumigodi cha malemu amuna awo chinatuluka, koma ndani akanakhulupirira kuti gogo akukumba mizere yowongoka chonchija chifukwa cha phala? Golide sanam'peze. Munda wokha ndiwo anaupeza, ndipo m'dzenje limodzi lomwe anakumba, mbuzi ya abusa tinaitulutsamo ndi chingwe.

Chachinayi, ndigome ndi chilungamo chanu. Mlangizi wanu atabwerera, anaika ndodo yake yoyezera m'dzenje limodzi, ndodo n'kumira, iye n'kutsala pang'ono kuitsatira. Analemba kuti mayiwa sanatsate malangizo, maenje azama mopyola, ndipo dzina lawo lafufutidwa. Zoona, azamadi. Ndani angatsutse munthu wophunzira?

Tsono mitambo yayamba kuda cha ku Madziwa. Ife akumpingo takwirira kale theka la mundawo ndi makasu athu. Chatsala ndi mbewu, ndipo zidzukulu zija sizidya malangizo.

Pempho langa ndi laling'ono, Bambo. Bwezerani dzinalo mvula isanagwe, ndipo mbewuyo itumizeni panjinga, mwakachetechete, ndi munthu wopanda chipewa. Koma ngati mukukayika kuti mwina mkuluyu akunama, tumizani galimoto ija ikatape dothi pakapinga wa kunyumba kwanu masana. Adiresi yokha mutipatse, anyamatawo tiwauza ife.

Ine wanu wogwada, malinga pansi pali poti n'kugwadapo,

Sekuru Gideoni Mbewe