Mapu a Alamu a Kopolo

Lolemba, 7 Juni 1954

Chisanu. Poweruka kusukulu ndikupeza alamu a Kopolo, alongo ake a mkazi wanga, ali pakhonde ndi bokosi lachitsulo. Alikoka panjinga kuchokera ku Nathenje mpaka kuno ku Mitundu. M'katimo muli mabuku ndi mapu a kunkhondo. Anawapatsa ndi mzungu wawo pochoka ku Burma, ndipo awasunga zaka zisanu ndi zinayi osawerengamo liwu, popeza Chingerezi chawo chimathera pa lefuti ndi raiti.

Akazi awo, aNambewe, akulifuna bokosilo. Mwana akukwatiwa, zovala zake zilibe poika. Alamula kuti pofika Lamulungu libwerere lopanda kanthu, ndipo chotsalamo ayatsira moto.

A Kopolo akuti, "Alamu, inu munaphunzira. Onani kulemera kwa zinthuzi, muzipezere malo pomwe azikazilemekeza."

Ndavomera. Dongosolo langa:
- mawa, kusukulu
- Lachitatu, kumsika, kwa odziwa mitengo ya zinthu
- Lachisanu, kwa akalaliki a bwalo ku Nathenje
- Loweruka, kulandira mathokozo

Lachiwiri, 8 Juni

Ndawerenga m'mamawa. Zilimo ndi izi:
1. Kasamalidwe ka nyulu. Nyulu ndi mwana wa bulu ndi kavalo. Kuno kulibe ngakhale imodzi.
2. Kakumbidwe ka zimbudzi za asilikali, ndi zithunzi zomwe.
3. Kapukutidwe ka mfuti. Theka lake njenjete zinadya.
4. Kabuku kophunzitsa azungu Chinyanja. Ndafunafuna mawu oti zikomo, sindinawapeze.
5. Mapu atatu okongola, omatidwa pansalu.

Ahedi akukana. Kabati ndi imodzi, ndipo ndi ya choko ndi mpira. Akutinso buku la mfuti likapezeka pasukulu masiku ano a chitaganya, tonse tikafotokoza kuboma.

Komabe mapu amodzi ndawayala pamaso pa Sitandade 3. Mwayi wotere subwera kawiri. Ndikufotokoza pang'onopang'ono kuti mizere yabuluu ndi mitsinje, yofiirira yokhotakhotayo ikutsata kutsetsereka kwa nthaka. Sakumva. Ndikupereka chitsanzo chapafupi: monga milambala ija akapitawo a malimidwe akukakamiza makolo anu kukumba m'minda. Onse amva nthawi yomweyo! Phunziro lokoma.

Lachitatu, 9 Juni

Tsiku la msika. Anthu akundipatsa moni wautali kuposa masiku onse. Ena akuvula zipewa ndikadali kutali.

Che Ajusa a sitolo akuika mabuku pasikelo. Akuti pepala la nyulu ndi labwino kukulungira mchere, koma la zimbudzi ayi, ogula angaone zithunzi. Mapu akuwatembenuza, akusisita kumbuyo. "Mukawaviike m'madzi, zojambulazi zichoke, nsaluyi nditenga." Zonse pamodzi akuti andipatsa sopo mmodzi wochapira.

Nkhondo yonse ija, sopo mmodzi. Izi alamu sindiwauza.

Potuluka, bambo wina akusuzumira paphewa langa, chala pamtsinje wa ku Burma. "Uwu ndi Diamphwe, eti? Ndiye kuti dimba langa ndi ili." Ndikumufotokozera kuti Burma ali kutsidya kwa nyanja yamchere, ulendo wa masabata pasitima. Akugwedeza mutu mwaulemu. "Tamva, aphunzitsi. Ana atiuza kale."

Lachinayi, 10 Juni

Zimene ana anawauza ndazimva lero. Akuti boma lapatsa aphunzitsi mapu a milambala yonse, kuyambira ku Nathenje mpaka kumapiri a Dzalanyama, ndipo aliyense amene munda wake uli pamzere wofiirira alipira chindapusa.

Pakhomo pofika masana:
- nkhuku ziwiri
- mazira m'chipewa
- mtolo wa nzimbe
- dzungu
- mayi wina wopanda mphatso, wongofuna ndisunthe mzere pang'ono kuti mtengo wa mango ugwere mbali yake, osati ya apongozi ake

Ndikubweza zonse. Aliyense ndikumufotokozera payekha, ndikujambula pansi ndi kamtengo. Kubweza nkhuku ndiye kwaononga zinthu: akuti aphunzitsi akana chifukwa mlanduwu ndi wa mbuzi.

Dzungu silinabwerere. Mkazi wanga akuti chobweza chimakhala chamtunthu, ndipo ili analidula kale.

Lachisanu, 11 Juni

Njinga, mabuku ndi mapu pakaliyala, ulendo wa ku Nathenje. Mbiri yandipitirira panjira. Mudzi uliwonse ndikupeza mbuzi zokha, ndi miphika pamoto yopanda wophika.

Akalaliki a bwalo akuti iwo amasunga mapepala a milandu basi. "Nanga nyuluyo yasumira ndani?"

Kenako kapitawo wa malimidwe, weniweniyo, akundithamangira. Ndikuganiza kuti akudzandikalipira. Ayi, akupempha mapu. "Miyezi itatu ndakhala ndikukuwa, palibe wagwira khasu. Inu masiku atatu okha, anthu akumba mpaka pabwalo la mpira." Akulonjeza chikwama chachikopa, ndi shelefu yakeyake mu ofesi.

Sabata yonseyi, munthu wofuna kuwalemekeza ndi yekhayu! Ndakana. Alamu sanawolokere nyanja kuti pepala lawo liziopseza azakhali awo.

Ndikudzera kwa alamu. ANambewe akufunsa za bokosi asanandipatse mpando. Ndikuwapempha alamu kuti mawa abwere ku Mitundu, akanene okha pamsika kuti mapuwa ndi a kuti.

Loweruka, 12 Juni

Abwera ndi mendulo pajekete. Mapu amodzi tawayala pabenchi la Che Ajusa, mwala pangodya iliyonse. Ine ndakonza mfundo zisanu ndi ziwiri. Sindinanene ngakhale imodzi.

Alamu akuyendetsa chala. Apa tinawoloka madzi ali m'khosi. Apa misundu inalowa m'nsapato. Apa nyulu inandiluma thako. Anthu akuseka, za milambala zaiwalika. Kenako chala chikutsikira kumunsi kwa pepala. "Apa tinaika Gelesomu wa ku Malingunde. Anali malungo."

Mayi wina wogulitsa matimati akusiya malonda ake, akubwera, akugwada. Ndi mkazi wa Gelesomuyo. Zaka khumi zapitazo analandira kalata yokha, yopanda dzina la malo. Akuyang'ana pomwe pali chala. Pali kamtanda kakuda.

"Kani anamuikira ndi mtanda womwe."

Ine ndikuona bwino lomwe. Chalacho chili kunja kwa dziko, m'kabokosi ka m'mphepete kofotokoza zizindikiro, ndipo kamtandako kakungotanthauza tchalitchi. Pakamwa panga patseguka pokha. Ndatseka.

Alamu akupinda mapuwo, akupereka ndi manja awiri. Mayiyo wawakulunga m'nsalu yake. Matimati wasiyira mnzake.

Lamulungu, 13 Juni

Bokosi lapita ku Nathenje lopanda kanthu. ANambewe apambana. Alamu nawo akondwa: "Ndinadziwa kuti mupeza malo, alamu." Malowo ndi kunsi kwa bedi langa. Kuli nyulu, zimbudzi, theka la mfuti, Chinyanja cha azungu ndi mapu awiri. Mkazi wanga wandipatsa mpaka mvula yoyamba.

Pochokera kutchalitchi ndikupeza amayi asanu ndi mmodzi pakhonde, atatambasula miyendo mwaulemu. Si za milambala ayi. Mbiri yatsopano ndi yoti mapu a aphunzitsi amaonetsa pomwe pali mwamuna wosowa. Onsewa amuna awo ndi matchona, anapita ku Joni kalekale, kalata osalemba. Mmodzi akuti iye za mtanda alibe nazo ntchito, angofuna dzina la msewu, zinazo akathana nazo yekha.

Ndawafotokozera kusiyana kwa Burma ndi Joni, kuyambira pachiyambi. Amvetsera modekha, osandidula. Nditatha, wamkulu wawo akuti, "Zamveka, aphunzitsi. Tsopano tayalani."

Ndapita kukatola miyala inayi.