Makilo 16 Dzanja Lililonse

Lolemba

Ndalembetsa. Mpikisano wa awiriawiri, Loweruka likubwerali, pa bwalo la mpira ku Chonde. Kuthamanga, kenako kunyamula zigubu za mchenga, kenako kuthamanganso. Mnzanga ndi a Rozina oyandikana nawo nyumba, amene anabwera kuchokera ku Milanje, kutsidya kwa malire, nthawi ya nkhondo. Zaka zanga ndi 68, zawo akuti 60 ndi zina.

Malamulo ndawawerenga katatu:
– akazi awiri: makilo 16 dzanja lililonse;
– amuna awiri: makilo 24;
– mwamuna ndi mkazi: 24 omwewo.
Kulandizana panjira n'kololedwa.

Zonsezi n'chifukwa cha Elube. Chimwalirireni bambo ake, mwana wangayu akufuna ndikakhale naye ku Blantyre. Akuti ndakalamba, sindingakhale ndekha. Ndamuuza pa foni kuti ndikamaliza mpikisanowu asadzatchulenso nkhaniyi. Waseka, wavomera. "Koma mukalephera, amayi, tibwerera limodzi." Nanenso ndavomera. Nyumba yanga sindiisiya.

Lachiwiri

Sikelo ndabwereka kwa venda wogula nandolo. Mchenga wa kumtsinje, zigubu zakale za mafuta ophikira. Ndathira pang'onopang'ono mpaka muvi waima pa 16 ndendende.

Kulemera kwake! Ine ndangofika pa mtengo wa mapeyala, ndaziika pansi. A Rozina atenga chimodzi, aika pamutu, n'kumayenda akuimba. Ndawauza kuti lamulo likuti m'manja, zonse ziwiri. Akuti amene analemba lamuloli sanatungepo madzi. Tabwereza kangapo, m'manja. Apita kwawo atagwira phewa.

Lachitatu

Mtima sukukhazikika. Moyo wanga wonse ndaphunzitsa masamu, makilo 16 ndimawadziwa. Ndatenga paketi ya shuga ya kilo imodzi, ndaika pa sikelo ija. Magalamu 800!

Ndiye kuti dzulo timanyamula 20. Sikelo ya venda, ine osaganiza n'komwe. Za nandolo wanga wa chaka chatha sindikufuna kuziganizira lero.

Ndapita kwa a Rozina ndi uthenga wabwino woti zigubu zipepuka. Ndawapeza akuthowa phewa ndi madzi otentha, mkono sukukwera. "Aphunzitsi, inu ndi masamu anuwo, nanga andilimire ndani tsopano?" Ndawatungira madzi, ndawasesera pabwalo, ndabwerako.

Lachinayi

A Rozina sangathe. Ndikufunika mkazi wina. Ku Mvano ndafunsa asanu ndi awiri:
– atatu akukolola nandolo;
– mmodzi akuti amuna ake sangalole kuti azithamanga pamaso pa anthu;
– awiri amva kale za phewa lija;
– mmodzi wangondipempherera.

Dzuwa litapendeka abwera alamu anga a Dankeni, ang'ono awo a malemu amuna anga. Amva kuti ndasowa mnzanga, ndiye adzipereka okha. "Alamu, musavutike, mwamuna alipo pano."

Zaka zawo 70. Kuchipatala mwezi watha akuti anapezeka ndi makilo 51. Zigubu ziwiri za amuna: 48. Kukana sindingathe, palibenso wina. Koma kungolowa iwo, katundu wanga wakwera ndi makilo 8 dzanja lililonse.

Lachisanu

Ndapita kwa wokonza mpikisano, mtsikana waulemu wa jekete yofiira. Ndamufotokozera bwinobwino: mwamuna ameneyu ndi wopepuka kuposa ine, ndi wamkulu kuposa ine, ndiponso akutsokomola. Wandimvetsera mpaka kumapeto. Akuti malamulowa ndi ofanana kulikonse, mwamuna ndi mwamuna basi. Ndafunsa ngati pali gulu la okalamba. Lilipo, koma zigubu zake n'zomwezo.

Tayeserera masana. A Dankeni anyamula, ayenda pang'ono, akhala pansi, apempha tiyi. Ine ndakoka, zigubu zangokhwekhwereza pansi.

Elube waimba foni. Akubwera mawa kudzaonerera. Akuti wabwereka pikapu ya mnzake. Kudzaonerera mpikisano pa pikapu!



Loweruka

Chiperoni kuyambira m'mawa, bwalo likuterera. Magulu 14, a imvi ndife tokha. Kuthamanga tathamanga, omalizira koma osaima. Elube ali pafupi ndi chingwe, wapinda manja.

Zigubu. A Dankeni afika nazo pakati, milomo yatuwa, aziika pansi. "Alamu, zanu." Ndagwira. Ndakoka. Sizikudzuka. Ndakokanso, msana wachita ngati ukuthyoka, sizikudzukabe.

A Rozina akufuula m'gulu la anthu kuti ndisenze. Lamulo ndikulidziwa. Ndayang'ana Elube, ndagwada, a Dankeni anditwika chimodzi. Ndafika nacho kumapeto, ndabwerera chinacho. Nthungululu bwalo lonse.

Mtsikana wa jekete uja wabwera, wapinda bondo, akuti pepani agogo, mwachotsedwa. Sindikutsutsa. Akunena zoona.

Lamulungu

Khosi silikutembenuka. Kutchalitchi sindipita.

Ndimayembekeza kuti mwina Elube anena kuti zadzulo zakwanira. Sananene. Inenso sindipempha, pangano ndinaliyamba ndekha. Wanditikita khosi ndi mafuta, ndipo ndamva kuti akulira kumbuyo kwangaku.

Nkhuku 9 kwa a Rozina. Makiyi kwa a Dankeni, amene akuuza aliyense wodutsa kuti iwo gawo lawo anamaliza.

Elube akuti ndi mwezi umodzi wokha, khosi likapola ndibwerera. Koma pa pikapu ndikuonapo mpando wanga, chithunzi cha bambo ake ndi makina osokera. Makinawo akweza anthu awiri. Sindinafunse kuti ndi makilo angati.